Mpando ndi kachasu: Darth Vader naye adayamba ngati mwana wabwino

Aliyense amene adakhalapo pa benchi la vidiyo sho kuseri kwa msika akudziwa kuti filimu sithera pamene kanema wazimitsidwa. Imatuluka nawo anthu panja, kukafika pa chiwaya cha chipisi, mawa lake n'kulowa m'mizere ya kaunjika ndi ya nsomba. Masiku apitawa ndidapezerera mkangano wotere. Anyamata adali ataonera filimu ya Star Wars ya 2005 yotchedwa Revenge of the Sith, ndipo mmodzi mwa iwo, wogulitsa matumba a pulasitiki, adaumirira kuti Anakin Skywalker sadalakwe chifukwa zonse adachitira mkazi wake. Ati chabwino ndi choipa zimangotengera mbali imene waima. Mayi wina wa tomato, amene filimuyo sadaione n'komwe koma adamva nkhani yonse ali pa malonda ake, adangofunsa ngati ana amene Anakin adawapha aja adalibe amayi awo. Pamenepo mpomwe phokoso lidakula mpaka makasitomala ena kubwerera osagula.

Mkanganowu si wachibwana ayi. Mafilimu a zam'mlengalengawa ali ndi zombo zouluka, maloboti ndi malupanga owala ngati mphezi, koma ukachotsa zonsezo umapeza nkhani imene amalonda amaidziwa bwino kuposa aprofesa: munthu amene timadya naye mbale imodzi dzulo, lero wapatsidwa mpando ndipo sakutidziwanso. Funso n'lakuti, kodi ndi mpando umene wamuwononga, kapena adali wowonongeka kale? Nanga iye akamati akuchita zabwino, ife tili ndi sikelo yanji yomutsutsira?

Kamnyamata ka ku Tatooine

Amene adaonera mafilimu oyamba a Star Wars, a 1977, 1980 ndi 1983, amamudziwa Darth Vader ngati chimunthu chovala zakuda bii, chopuma mokoka ngati wodwala mphumu, chotha kutsamwitsa munthu popanda kumukhudza. Mawu ake ogunda aja adali a James Earl Jones, yemwe adamwalira mu 2024. Koma mwini nkhaniyi, George Lucas, adabwerera m'mbuyo ndi mafilimu ena atatu, a 1999, 2002 ndi 2005, kuti ationetse kumene chilombochi chidachokera.

Mukamuona mu filimu ya 1999, The Phantom Menace, mutha kumumvera chisoni. Ndi kamnyamata ka zaka 9, dzina lake Anakin, kapolo pamodzi ndi mayi ake a Shmi pa dziko la mchenga la Tatooine. Amagwira ntchito mu shopu ya zitsulo zakale ya bwana wake Watto. Alendo atasowa pothawira mphepo ya mchenga, ndi iye adawatengera kunyumba. Atasowa ndalama zokonzera chombo chawo, ndi iye adadzipereka kulowa mpikisano woika moyo pachiswe kuti awathandize. Pakati pa alendowo padali a gulu la Jedi, ankhondo osunga mtendere okhala ngati ansembe, osaloledwa kukwatira. Adamutenga mwanayo kukamuphunzitsa, mayi ake n'kuwasiya mu ukapolo.

Patapita zaka 10, mu filimu ya Attack of the Clones, Anakin adabwerera kwawo n'kupeza mayi ake atagwidwa ndi mtundu wa a Tusken. Adamwalira m'manja mwake. Usiku womwewo adapha mudzi wonse, amuna, akazi ndi ana. Kenako adalumbira kuti adzakhala wamphamvu kuposa Jedi aliyense, mpaka kutha kuletsa imfa. Taonani pamene poizoni adalowera. Mnyamatayu sadafune mphamvu kuti abe kapena kulemera. Adazifuna kuti asadzalirenso maliro a munthu womukonda.

Atakwatira Padmé Amidala mobisa, adayamba kulota mkazi wakeyo akufa pobereka. Apa mpamene nkhalamba ina idapezerapo mpata. Idamuuza kuti pali njira yopulumutsira munthu ku imfa, koma a Jedi sangamuphunzitse. Anakin adagwada, n'kupatsidwa dzina la Darth Vader, ndipo ntchito yake yoyamba idali kukalowa m'kachisi wa a Jedi ndi kupha onse, kuphatikizapo tiana tophunzira timene tidathamangira kwa iye poganiza kuti wabwera kudzatiteteza. Mapeto ake? Padmé atakana kuyenda naye njira imeneyi, Anakin adamutsamwitsa ndi mkwiyo. Mayiyo adabereka mapasa, Luke ndi Leia, n'kumwalira. Zimene ankathawa zija adazibweretsa yekha ndi manja ake.

Nkhalamba yomwetulira

Tsono nkhalamba ija ndi Palpatine, ndipo amalonda muyenera kumuyang'anitsitsa ameneyu. Sadalande boma ndi mfuti. Adayamba ngati phungu wamba wa dziko la Naboo, waulemu, wolankhula motsitsa mawu. Chisokonezo choyamba mu nkhani yonseyi chidabuka pa nkhani ya misonkho ya njira za malonda, ndipo amene ankasonkhezera moto mseri ndi iye yemwe. Dziko lake litazingidwa, adanyengerera mfumukazi yake kuti ipemphe nyumba ya malamulo kuchotsa mtsogoleri wa nthawiyo, Valorum, kuti ndi wofooka. Aphungu adavota, ndipo pa chifundo chomvera dziko lozunzika adasankha Palpatine.

Atakhala pa mpando adayambitsa nkhondo imene mbali zonse ziwiri zimamvera iye. Mtsogoleri wa zigawenga, Count Dooku, adali wophunzira wake. Anthu atagwidwa mantha, kaphungu kena kopusa, Jar Jar Binks, kadaimirira kupempha kuti mtsogoleri apatsidwe mphamvu zapadera. Palpatine adalandira ngati wokakamizidwa, nalonjeza kuti adzazitula mavuto akadzatha. Mavutowo sadathe, poti mwini mavuto adali iye. Nthawi yake yolamulira idatha koma adakhalabe. Pomaliza adalamula asilikali kupha a Jedi onse, n'kukauza nyumba ya malamulo kuti pofuna chitetezo boma la aphungu latha, tsopano ndi ufumu. Aphungu adaomba m'manja mwaphokoso, Padmé akuyang'ana ufulu ukufa pakati pa nthungululu. Pofika mu filimu ya 1977, nyumba ya malamuloyo idathetsedwa, ndipo chida chotchedwa Death Star chidaphulitsa dziko lonse la Alderaan kuti maiko ena aope.

Lucas sadazitole m'maloto izi. Iye mwini adanenapo kuti polemba ankaganiza za Richard Nixon wa ku America, komanso mmene Aroma adaperekera boma kwa Caesar, Afalansa kwa Napoleon ndi Ajeremani kwa Hitler. Za Hitler n'zolembedwa: mu February 1933 nyumba ya malamulo ya ku Germany idapsa, ndipo mu March chaka chomwecho aphungu adavotera lamulo lomupatsa mphamvu zopanga malamulo payekha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kodi ubwino uli m'maso mwa woona?

Tibwerere kwa mnyamata wa matumba uja. Mfundo yake yoti chabwino chimatengera mbali imene waima ili mu filimu momwemo. Palpatine adauza Anakin zomwezo, ndipo Anakin naye, pomenyana ndi mphunzitsi wake Obi-Wan Kenobi pakati pa ziphalaphala za moto ku Mustafar, adati kwa iye oipa ndi a Jedi.

Tisaname, mfundoyi ili ndi kachoonadi. A Jedi sadali angelo. Adatenga mwana n'kusiya mayi ake mu ukapolo, ndipo amene adawaombola mayiwo adali mlimi wamba, osati iwo. Adalandira gulu la asilikali opangidwa m'fakitale, anthu obadwira nkhondo basi, osafunsa bwino kuti adawaitanitsa ndani. Mkulu wawo wina, Mace Windu, adafuna kupha Palpatine popanda mlandu kuzengedwa, ponena kuti makhoti ali m'manja mwake. Ndiye Anakin akamati awa ndi achiphamaso, sakunama kwenikweni. Ngakhale kunja kwa filimu, zinthu zambiri zimasiyana malinga ndi kwanu. Kwina amalowola, kwina ndi chikamwini. Wina amadya mbewa, wina akaziona amathawa. Pa zoterezi palibe wolakwa.

Koma taonani amene akulankhula mawuwa, ndi nthawi imene akuwalankhula. Palpatine akunena kuti ubwino ndi maganizo chabe pamene akufuna kuti mnyamatayo amuphere anthu. Anakin akunena zomwezo magazi a ana ali m'manja. Zili ngati wogulitsa ufa amene wagwidwa ndi sikelo yobera, ndiye akuti palibe sikelo yoona pa dziko lapansi. N'zoona masikelo amasiyana pang'ono, koma kilo ilipo, ndipo iye amaidziwa bwino lomwe tsiku limene wapita kukaoda. Pamene akugula amafuna kilo yodzaza. Nzeru zoti zonse n'chimodzimodzi zimamubwerera pokhapokha akamagulitsa.

Muyeso wake ndi womwewo. Chinthu chimene ukuchitira mnzako, ungavomere chitachitikira iwe? Anakin adapha mudzi wonse chifukwa cha imfa ya mayi ake, kusonyeza kuti ankadziwa bwino kuti kupha wosalakwa n'koipa. Sadasinthe maganizo pa za ubwino ayi. Adangoganiza kuti misozi yake ndi yolemera kuposa ya ena. Kulakwa kwa a Jedi sikuyeretsa Vader, monganso kuba kwa tcheyamani wakale sikupatsa watsopano chilolezo choba.

Thanos ndi masamu ake

Mu 2018 kudabwera filimu ya Avengers: Infinity War, ndipo mpaka lero alipo amene amati Thanos ankanena zoona. Chimphona chimenechi chidaona dziko lakwawo la Titan likutha, anthu atachuluka kuposa chakudya. Chidatsimikiza kuti mankhwala ake ndi kupha theka la zamoyo zonse, mosasankha wolemera kapena wosauka. Chidasonkhanitsa miyala 6 yamphamvu, n'kuthyola chala kamodzi, theka la anthu n'kusanduka fumbi. Pofuna mwala umodzi, Thanos adaponya kuphompho mwana wake womulera, Gamora, misozi ili m'masaya.

Misoziyo ndi imene imasokoneza anthu. Ati onani, sadachite mokondwa. Koma munthu wokhala ndi mphamvu zosintha chilengedwe chonse adalephera bwanji kuganiza zochulukitsa chakudyacho? Ndipo mwa mabiliyoni onse aja adafunsako ndani? Palibe. Yankho lidatuluka mu filimu yotsatira ya 2019, Avengers: Endgame. Thanos ataona kuti otsala aja sakumuthokoza, adati bola aphwanye chilengedwe chonse n'kupanga china chatsopano, cha anthu osadziwa zimene adataya, oyamika basi. Apa chinyawu chidavulidwa. Nkhani sidali njala ya anthu, idali yoti iye akhale wolondola ndipo ena amuombere m'manja. Mtsogoleri amene amakwiya anthu akapanda kuthokoza thandizo limene sadapemphe, muchenjere naye.

Madandaulo oona, dzanja loipa

Ovuta kuwaweruza ndi amene adalakwiridwadi. Mu Black Panther, filimu ya Ryan Coogler ya 2018, muli Killmonger, amene adaseweredwa ndi Michael B. Jordan. Bambo ake adaphedwa ndi mchimwene wawo, mfumu ya Wakanda, mu mzinda wa Oakland mu 1992, mwanayo n'kusiyidwa yekha ku America. Adakula akuona anthu akuda akuzunzika pamene Wakanda, dziko lolemera ndi chitsulo cha vibranium, lidadzitsekera phee osathandiza aliyense. Pamenepa ankanena zoona, moti mfumu T'Challa pomaliza idavomereza kuti makolo ake adalakwa ndipo idatsegula dzikolo.

Koma onani zimene Killmonger adachita atangokhala pa mpando. Adalamula kuti munda wonse wa therere lopatsa mfumu mphamvu uwotchedwe, ndipo mayi wachikulire amene adayesa kunena kuti ena asungidwire mfumu yamtsogolo adamugwira pakhosi. Ufumu adaupeza potsata mwambo wa kumenyana pa mathithi, koma T'Challa atabwera wamoyo n'kunena kuti mpikisano sudathe, iye adati za mwambo zatha. Lamulo lidali labwino pamene linkamukweza. Litafuna kumutsitsa lidasanduka lopanda ntchito.

N'chimodzimodzi Koba, nyani wa mu Dawn of the Planet of the Apes ya 2014. Thupi lake lonse ndi zipsera zimene anthu adamusiyira pomuyesera mankhwala. Chidani chake n'chomveka. Koma kuti apeze nkhondo imene ankaifuna adawombera mtsogoleri wake Caesar, n'kunamizira anthu. Atalamulira adaponya kuchokera pamwamba nyani wachinyamata amene adakana kupha munthu wopanda chida, ndipo okhulupirika kwa Caesar adawatsekera. Womenyera ufulu wa anyani adayamba kumanga anyani anzake.

Mpulumutsi wa m'chipululu

Filimu yoopsa kwambiri pa nkhaniyi ndi Dune, ya Denis Villeneuve, imene idatuluka m'magawo awiri mu 2021 ndi 2024, kuchokera m'buku la Frank Herbert la 1965. Yoopsa chifukwa Paul Atreides si wamisala kapena wadyera. Bambo ake adaphedwa mwachiwembu, iye ndi mayi ake n'kuthawira kwa a Fremen, eni dziko la chipululu la Arrakis, amene kwa zaka zambiri ankaponderezedwa ndi alendo okumba chuma chawo. A Fremen ankadikira mpulumutsi, osadziwa kuti ulosiwo udadzalidwa dala ndi gulu la amayi la Bene Gesserit kuti lidzaugwiritse ntchito.

Paul ankadziwa kuti ulosiwo ndi wopeka. Ankaonanso m'masomphenya kuti akavomera kukhala mpulumutsi padzabuka nkhondo yopha anthu osawerengeka. Adakana kwa nthawi, koma adani atapsereza midzi ya kumpoto adavomera. Adagonjetsa adani, kulanda mpando wa mfumu yaikulu, ndi kutenga mwana wa mfumuyo kukhala mkazi wake pamaso pa Chani, bwenzi lake lenileni. Maufumu ena atakana kumugonjera, adatumiza ankhondo ake. Mu buku lachiwiri la Herbert la 1969, akufa pa nkhondoyo adafika 61 biliyoni.

Chomvetsa chisoni mu filimuyi ndi Stilgar, mkulu wa a Fremen. Poyamba adali mphunzitsi wa Paul, womudzudzula akalakwa. Pomaliza chilichonse chimene Paul wachita, ngakhale kukana kuti si mpulumutsi, kwa Stilgar chidali umboni woti ndi mpulumutsi. Amene adatsala ndi maso ndi Chani yekha, ndipo adachoka. Apa Dune ikutiuza chimene sitikonda kumva: mtsogoleri saledzera yekha, pamakhala omuthirira.

Nanga kwathu kuno?

Mngelezi wina wolemba mbiri, Lord Acton, adalemba m'kalata mu 1887 kuti mphamvu zimakonda kuipitsa munthu, ndipo zikakhala zopanda malire zimamuipitsiratu. Akuluakulu athu adanena kale mwachidule kuti ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Amalonda achikulire safunika filimu kuti amvetse izi. Akukumbuka kuti Dr Kamuzu Banda, amene adalandiridwa ngati mpulumutsi mu 1958, adapangidwa kukhala pulezidenti wamuyaya mu 1971, ndipo idafika nthawi yoti munthu sungalowe mumsika opanda khadi la chipani. Akukumbukanso referendamu ya pa 14 June 1993. Ndipo ngakhale matipate atabwera, mu 2002 bilu yochotsa malire a nthawi yolamulira pulezidenti, pa nthawi ya a Bakili Muluzi, idakanika m'nyumba ya malamulo ndi mavoti atatu okha.

Koma musayang'ane kumwamba kokha. Kachasu ameneyu amaledzeretsa ngakhale pa kapu yaing'ono. Pa msika wina umene ndidagulitsapo malonda ndili mnyamata, tidasankha tcheyamani chifukwa ndi iye ankalimba mtima kutilankhulira katundu wathu akalandidwa. Chaka choyamba adali wathu. Chachiwiri, malo abwino a pakhomo adayamba kupita kwa alamu ake. Chachitatu adati zisankho zidikire kaye poti tili pa nkhondo ndi akuluakulu a mzinda, ndipo wofunsa za buku la ndalama za maliro ankatchedwa kazitape. Ife tomwe tidamuombera m'manja, poti tinkaopa kuti akachoka atiteteza ndani. Palpatine wa pa msika sasowa Jar Jar wake.

Mafilimu onsewa akusonyeza zizindikiro zofanana. Munthu amayamba ndi dandaulo loona. Kenako amati ndi iye yekha angathe kukonza zinthu. Kenako malamulo amene adamukweza amasanduka chopinga. Kenako womudzudzula, ngakhale mkazi wake kapena mphunzitsi wake, amakhala mdani. Pomalizira pake mpamene amayamba kuphunzitsa kuti chabwino ndi choipa ndi nkhani ya maganizo. Ndiye kaya mpando ndiwo umawononga munthu kaya umangoulula zimene zidali m'kati, kwa ife okhala pansi kusiyana kwake n'kochepa. Mankhwala ndi amodzi: asakhale yekha ndi buku la ndalama, asakhalitse, ndipo pakhale wina wotha kumuuza kuti ayi popanda kutaya malo ake ogulitsira.

Star Wars yokha ili ndi kachiyembekezo. Mu filimu ya 1983, Return of the Jedi, Luke adagonjetsa bambo ake, Palpatine n'kumuuza kuti awamalize atenge malo awo. Luke adataya lupanga lake pansi. Ataona mwana wake akuzunzidwa, Vader adanyamula mbuye wake uja n'kumuponya m'dzenje, iye n'kufa posakhalitsa. Ngati ubwino ukadakhala maganizo chabe, munthu ameneyu akadabwerera kuti? Adabwerera chifukwa pansi pa chisoti chakuda chija ankadziwabe kilo yoona. Komabe kulapa kwakeko sikudadzutse ana aja kapena anthu a ku Alderaan, madzi akatayika saoleka. Ndipo musaiwale kuti mu filimu ya 2019 Palpatine adatulukiranso. Anthu a mpando satha msanga.

Mkangano wa kumsika uja sudathe tsiku limenelo. Mnyamata wa matumba akadaumirirabe kuti akadakhala iye akadachita zomwezo chifukwa cha mkazi wake, ndipo mwina akunena zoona, n'chifukwa chake filimuyo imaopsa. Mayi wa tomato uja adangoti ngati ndi choncho, chisankho cha komiti ya msika chikadzafika voti yawo sadzaiona.